Kodi Nkoyenera Kugulitsa Zinthu Zimene Makolo Anasiya?

M'nyumba zambiri za ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama ndi m'makomboni ena a mu Lusaka muli bokosi lacitsulo limene limakhala kunsi kwa kama, ndipo silitsegulidwa kawiri-kawiri. Mwini wace amakhala nkhalamba imene inabwera m'tauni kale-kale kucokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Malawi, mzinda ukali waung'ono. Munthu akalitsegula bokosilo apezamo zinthu zimene mwana wa masiku ano sangadziwe maina ace onse: citupa ca m'nthawi ya Azungu, mapepala a msonkho, kobiri la ciboo pakati, mikanda, makalata, ndi cithunzi cosuluka ca anthu oima ciriri pa tsiku la ukwati. Pambali pace pamakhala zina zosakwana m'bokosi, monga simbi ya makala, wailesi imene inaleka kulankhula zaka zambiri zapitazo, ndi mbale zakuda za galamafoni.

Tsono tsiku limafika lakuti nkhalamba ija yamwalira. Maliro atatha, abale amakhala pansi kugawa za masiye. Zobvala, mipando, mapoto ndi njinga zimapeza eni ace msanga, koma bokosi lija palibe amene alilimbirana, ndipo pomariza amalume amalikankhira kwa mdzukulu wa malemu amene wangotsiriza sukulu, nati, "Tenga iwe, popeza ndiwe wodziwa kuwerenga mapepala." Mnyamatayo alibe nchito. Wayenda m'maofesi ndi m'mafakitale mpaka nsapato zatha, ndipo amace ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Posacedwa kumabwera munthu wogula zakale, amene wamva mphekesera, naika ndalama pa tebulo, nati, "Mphwanga, zinthu izi zingokudzazira nyumba. Landira ndalamazi ukagule ufa."

Apa pali funso lobvuta koposa m'mene lionekera. Kodi mnyamatayo akagulitsa walakwa? Kodi akakana, amace ali ndi njala, wacita mwanzeru? Ndipo kodi zinthuzo nzace kweni-kweni, kuti acite nazo monga afuna? Funsoli silikhudza iye yekha ai, pakuti mbiri ya dziko imasungika kapena kutayika m'mabanja, bokosi limodzi-limodzi.

Anthu ena, makamaka acinyamata, amayankha msanga ndi mwambi wakuti tsobola wakale sawawa. Iwo amati zakale zinapita ndi eni ace, ndi kuti m'nyumba ya zipinda ziwiri mogona anthu asanu ndi atatu mulibe malo osungiramo simbi yosasita ndi wailesi yosalankhula. Mau amenewa sali opusa. Munthu wosunga ciri conse cifukwa cakuti ncakale amasandutsa nyumba yace dzala, nakhala kapolo wa zinthu zakufa. Ukalamba pa wokha supatsa cinthu ulemu, pakuti mwala uli wonse umene amai amaphwanya m'mbali mwa mseu ku Kanyama ngwakale koposa citupa ciri conse, koma palibe amene amausunga m'bokosi. Cotero nkoyenera kuyamba wafunsa cimene cimapatsa cinthu cakale mtengo wace.

Yankho lingapezeke pa ulendo waufupi wa ku Chilenje, ku nyumba ya nambala 394. Nyumbayi njaing'ono, yofanana ndi zina zimene zinamangidwira anthu akuda m'dera limenelo m'nthawi ya Azungu. M'menemo munakhala Kenneth Kaunda ndi banja lace kuyambira mu Januwale 1960 kufikira mu Disembala 1962, pamene anali kutsogolera nkhondo ya ufulu, ndipo inaikidwa m'gulu la malo osungidwa ndi Boma. Mlendo akalowa aona mipando ndi ziwiya za m'nyumba zosasiyana kweni-kweni ndi za m'nyumba ya ambuya ace. Ziwiya zomwezo zikadaikidwa pa msika wa Soweto popanda wonena mwini wace, zikadagulidwa pa mtengo wocepa ndithu. Nanga ana a sukulu amaimiriranji cete pamaso pa mpando wamba? Cifukwa cace ncakuti pali munthu amene amawauza za mwini wace, za mabvuto a masiku amenewo, ndi za ufulu umene dziko linalandira pa 24 Okutobala 1964. Ku Matero nakonso kuli nyumba ya nambala 3144, imene inali likulu la cipani ca UNIP kuyambira 1959 kufikira 1961, koma wodutsa pa mseu wosadziwa mbiri yace angoiona ngati nyumba ya munthu wamba.

Zomwezo zioneka ku nyumba yaikulu yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996 pa mseu wa Independence. Wokwera m'zipinda zapamwamba aona ziwiya za kumudzi zimene amace angaziseke, nati, "Zoterezi ndinazisiya kwathu." Cimene cizisiyanitsa ndi za pa dzala ndi kapepala kakang'ono kolembedwa pambali, konena kumene cinthuco cinacokera ndi nchito yace. Cinthu cakale ciri ngati mboni pa bwalo la mirandu, ndipo mboni ikakhala duu siithandiza mlandu. Mtengo wace uli m'mbiri imene cisenza, ndipo mbiriyo ikatayika, cotsala ndi citsulo, thabwa kapena pepala cabe.

Zinthu za m'bokosi la ambuya nazonso ziri ndi mau ace, ngati pali wozifunsa. Citupa cija cinali pepala limene mwamuna wakuda anayenera kuyenda nalo, losonyeza dzina lace ndi kwao, ndipo wopezeka m'tauni alibe anali kugwidwa. M'caka ca 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa zao posonyeza kukana ulamuliro wa Azungu, ndipo citupa cimene cinapulumuka moto ndi mboni ya goli limene anthuwo anali kulikana. Wailesi ija ingakhale ya mtundu umene unapatsidwa dzina lakuti Saucepan Special cifukwa ca maonekedwe ace onga poto. Mawailesi amenewa anayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo ndiwo analowetsa m'nyumba za anthu wamba mau a nyumba ya wailesi ya mu Lusaka, imene inali kuulutsa nkhani m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, pamodzi ndi nyimbo za Alick Nkhata. Kobiri la ciboo lokhala ndi njobvu ziwiri ndi la m'nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953 nicitha mu 1963, pamene kwacha ndi ngwee zinadza pambuyo, mu 1968. Comweco bokosi limodzi la m'komboni lingasenze mbiri ya msonkho, ya nkhondo ya ufulu, ya nyimbo ndi ya ndalama, pamodzi ndi mbiri ya munthu mmodzi amene anapyola m'zonsezo ndi mapazi ace.

Pamenepa pakuoneka kuti mnyamata uja sali mwini wa zinthuzo monga ali mwini wa malaya amene anagula yekha. Makolo a Acewa anali kudziwa kuti umwini wina ndi usungi cabe. Mfumu amaiitana mwini dziko, koma pa mwambo siingagulitse dziko ndi kudya ndalama zace, pakuti iri kusungira amoyo, akufa ndi osabadwa. Mwini mbumba ayang'anira alongo ace ndi ana ao, koma iwo sali katundu wace. Momwemonso bokosi la ambuya lafika m'manja mwa mdzukulu ngati katundu woikiza. Cithunzi ca ukwati cija nca adzukulu onse, ngakhale amene ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg, ndi amene adzabadwa zaka makumi atatu zikudzazo nadzafunsa kumene mtundu wao unacokera. Mwana wobadwira ku George kapena ku Mtendere, amene sanapondepo m'mudzi wa makolo ace, alibe manda a azigogo pafupi, alibe mtengo wa pa bwalo umene angaloze, ndipo kawiri-kawiri cimene cimlumikiza ndi kwao ndi bokosi lokhalo.

Komabe sikuli kolungama kunena kuti ali yense wosonkhanitsa zakale ndi mbala. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina mlendo ndiye aona mtengo wa cinthu cimene eni ace acipeputsa. Nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto ku Mbala, imene inatsegulidwa mu 1974, inayamba ndi zinthu zimene wansembe wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, anasonkhanitsa m'midzi kwa zaka zambiri. Zinthuzo zinatsala m'dziko, ndipo mwana ali yense angapite kukaziona. Citsanzo cina nca nyimbo. M'zaka za m'ma 1970 magulu onga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anajambula nyimbo zimene zidziwika ndi dzina lakuti Zamrock. Cuma ca dziko citagwa, ndipo makaseti atalowa m'malo mwa galamafoni, mbale zambiri zinatayidwa kapena kusweka, ndipo ambiri mwa oimbawo anamwalira. Anthu osonkhanitsa mbale zakale, ena a iwo a kutsidya kwa nyanja, ndiwo anazifuna-funa, nyimbozo nizisindikizidwanso, kotero kuti Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari, anapita kukaimba m'maiko akutali atakula kale. Pakadapanda osonkhanitsa, nyimbo zina zikadazimirira.

Koma kalumo komweko kamacekanso. M'caka ca 1921 anthu okumba mu mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wamakedzana, cimene akatswiri anaciyesa nalengeza mu 2020 kuti ciri ndi zaka pafupi-fupi 300,000. Cigazaco cinatumizidwa ku London, ndipo ciri ku Natural History Museum, ngakhale Boma la Zambia lapempha kwa zaka zambiri kuti cibwezedwe. Ana a m'Zambia amaona cifanizo cace cabe, monga cimene ciri ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone, imene inayamba mu 1934. Kusiyana kwa nkhani iyi ndi ziwiri zija sikuli pa khungu la wotenga, koma pa mafunso atatu. Kodi eni ace anabvomera akudziwa cimene apereka? Kodi cinthuco cipita pamodzi ndi mbiri yace? Kodi adzukulu adzatha kuciona? Wogula amene afika pa nyumba ya maliro, napereka mtengo wa thumba la ufa pa cinthu cimene adziwa kuti adzapindula naco kakhumi, nabisa cimeneci, wadyera wamasiye masuku pamutu, ngakhale pasakhale lamulo lomgwira.

Tsono nanga njala? Wokhuta asafulumire kuweruza. Pa bwalo la nyumba ya ku Chilenje ija pali galimoto ya mtundu wa Land Rover imene inagwira nchito m'masiku a nkhondo ya ufulu. Mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwezedwa koposa kawiri, mu Lusaka munabuka cipolowe, anthu nafa, ndipo galimotoyo inatenthedwa. Amene anaitentha sanali adani ocokera kunja, koma ana a dziko lomwelo limene galimotoyo inathandiza kumasula. Phunziro loyamba nlakuti munthu wa njala saona ulemu wa zakale. Moyo wa munthu uposa cinthu ciri conse, ndipo ambuya amene anasunga wailesi zaka makumi asanu sakadakondwa kuona mdzukulu wao alikugona ndi njala, kapena alikulephera kugula mankhwala, cifukwa ca iyo. Wogulitsa cifukwa ca njala yeni-yeni alibe mlandu. Koma pali phunziro laciwiri. Mtengo wa ufa wasintha kambiri-mbiri cicokere caka cimeneco, koma galimoto yopsa ija siinakhalenso monga inaliri. Madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace munthu ayenera kudzifunsa mosadzinyenga ngati cimene cimkakamiza ndi njala, kapena ndi cilakolako ca nsapato zatsopano.

Nkofunikanso kudziwa kuti zinthu zimenezi siziri zonse za mtundu umodzi. Ziboliboli ndi madengu zimene amisiri agulitsa ku Kabwata Cultural Village, m'tinyumba tozungulira timene tinamangidwira anchito akuda m'nthawi ya Azungu, zinapangidwira malonda, ndipo kugula kapena kugulitsa izo ndi nchito yolemekezeka. Simbi ya makala ndi kobiri la ciboo zinapangidwa zikwi-zikwi, ndipo banja likagulitsa zimenezi silitaya kwambiri. Koma makalata, zithunzi ndi citupa cokhala ndi dzina la munthu ziribe zinzace pa dziko lonse lapansi, ndipo kawiri-kawiri pa izi mpamene wogula apereka zocepa, banja nilitaya zambiri. Ziriponso zina zimene munthu mmodzi alibe mphamvu ya kuzigulitsa ngakhale njala ikule bwanji, monga za ku dambwe, za ufumu ndi za kumanda, pakuti nza mtundu wonse. Lamulo la m'caka ca 1989 losunga cuma ca makolo linaletsa kuturutsa m'dziko popanda cilolezo zinthu za mbiri zopangidwa cisanafike caka ca 1924. Koma zambiri za m'mabokosi a m'makomboni nzapambuyo pa caka cimeneco, pakuti Lusaka anakhala likulu mu 1935, ndipo makomboni anakula pambuyo pace. Mlonda wa zinthu zimenezi ndi cikumbumtima ca wozisunga basi.

Apa mpamene wotsiriza sukulu ali ndi udindo umene ena alibe. Ndalama angakhale alibe, koma ali ndi colembera. Popeza mtengo wa cinthu uli m'mbiri yace, iye angathe kupulumutsa mbiriyo ngakhale cinthuco citapita. Nthawi yabwino ndi pamene nkhalamba ikali moyo. Akhale pansi madzulo, nafunse mwaulemu kuti, "Ambuya, kodi awa ali pa cithunzipa ndani? Munabwera liti ku Lusaka, ndipo munafikira kwa yani?" Mayankho awalembe m'kabuku: mwini wa cinthu, kumene cinacokera, caka cace ndi nchito yace. Safunsa anadya phula. Ngati nkhalamba yapita kale, afunse alongo ace kapena anzace amene atsala, nthawi isanawatengenso. Ajambule zonse ndi foni, natumize zithunzizo kwa abale. Mapepala awakulunge m'pulasitiki ndi kuwaika pamwamba, pakuti ku Kanyama madzi a dzinja alowa m'nyumba zaka zambiri, monga anacitira pa cigumula ca 1978, ndipo madzi ndi ciswe sizifunsa mtengo.

Ngati kugulitsa sikungapeweke, ayambe waitana amalume ndi abale, pakuti mutu umodzi susenza denga. Afunse mtengo kwa anthu awiri kapena atatu, agulitse zimene ziri ndi zinzace, nasunge zimene ziribe. Ndipo ngati banja liribe malo, apite ku Lusaka National Museum, kapena ku National Archives of Zambia kumene kusungidwa mapepala a mbiri, akafunse ngati angazilandire. Nyumba zimenezi sizinamangidwire mipando ya atsogoleri yokha. Mzinda wa Lusaka unamangidwa ndi oumba njerwa, ophika m'nyumba za Azungu, alonda a usiku ndi amai ogulitsa pa msika, ndipo ngati adzukulu ao sadzabwera ndi mboni zao, mbiri idzangokamba za anthu owerengeka amene maina ao analembedwa kale.

Mnyamata uja, wogula ali ciimire pa khomo, angathe kugulitsa simbi ndi makobiri kuti amace alipire lendi, ndipo palibe wolungama amene angamdzudzule. Koma akapereka bokosi lonse osayang'anamo, osafunsa, osalemba kanthu, ndiye kuti waika ambuya ace m'manda kaciwiri, ndipo manda aciwiriwa alibe cizindikiro. Tsiku lina iyenso adzakhala nkhalamba, ndipo mwana adzakhala pa mapazi ace nadzamfunsa za kwao. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokha-pokha ngati pali amene anawasunga.